Chaka Chosasula Madenga

Kafukufuku wa umphawi wa kumidzi amasintha ngati masitayilo a mathalauza, ndipo Mphunzitsi anali atakhalitsa pa yunivesite moti masitayilo onsewo anawavalapo. Atangoyamba ntchito ankayenda khomo ndi khomo kuwerenga mbuzi ndi nkhuku. Kenako kunabwera nyengo yofunsa amayi okha, abambo atawakhazika poteropo. Kenako aliyense ankafunsidwa za kusintha kwa nyengo. Patapita zaka zingapo mawu akuti chiopsezo anayamba kuchititsa manyazi, aliyense n'kumalemba za kupirira, mpaka chiopsezo chinadzabwereranso chitavala jekete lina. Midzi yake inali yomweyo ndi anthu ake omwewo, kungoti ena ankamwalira pakati pa sitayilo ina ndi inzake.

Chaka chimenecho kunabwera zithunzi za setilaiti. Anabwera nazo ndi mphunzitsi wachitsikana amene anali atangomaliza maphunziro ake kunja, yemwe ophunzira anamupatsa dzina loti Mayi Mapu. Anazionetsa m'chipinda cha misonkhano, makatani atatsekedwa, fani ikulira koma osapereka mphepo. Pakhoma panaoneka chigwa chonse, mitsinje yake yowuma, ndi timadontho tambirimbiri, tina tofiira tina tabuluu.

"Kadontho kalikonse ndi nyumba," anatero Mayi Mapu. "Kompyuta imayang'ana denga. Likakhala la udzu imaika kofiira, ndiye kuti banjalo lili pachiopsezo. Likakhala la malata imaika kabuluu. Imaonanso kukula kwa nyumba ndi mtunda wokafika kumsewu, koma chachikulu ndi denga. Ntchito imene inkatitengera miyezi, ndi galimoto ndi mafuta omwe, pano ikutha tiyi asanazizire."

Mkulu wa gawo lawo anawomba m'manja yekha, n'kulengeza kuti bungwe lina logawa chakudya m'miyezi ya njala linali litavomera kale kusankha mabanja potsatira mapuwo.

Mphunzitsi sanatsutse. Mawondo ake anali atatha, ndipo ankadziwa kuti njira yakale ija inalinso ndi mabodza ake. Anthu ankabisa mbuzi kudambo akamva kulira kwa galimoto, ndipo ofunsa mafunso ena ankamalizira ntchito yonse pansi pa mtengo osafika pakhomo la munthu. Anzake atatuluka, anapempha Mayi Mapu kuti akulitse mbali ya kumunsi kwa chigwa, pamene msewu umapindika pafupi ndi sukulu ya pulayimale. Kumeneko kunali kwawo. Nyumba ya mlongo wake anaizindikira ndi mtengo waukulu wa kuseri kwake. Denga linkawala ngati kalilole, ndipo pamwamba pake panali kadontho kabuluu.

"Mwaona cholakwika?" anafunsa Mayi Mapu.

"Ayi. Zikuoneka bwino kwambiri," anatero, n'kutenga chikwama chake.

Anapita kumudzi dzuwa litafika pachimake, atanyamula mankhwala a mlamu wake. Mvula ya chaka chapitacho inali itadula msanga, ndipo m'mabanja ambiri zokolola zinali zitatha kale kapena zikungoyembekeza kutha.

Mlongoyo anali wamkulu kwa iye. Mwamuna wake, amene mudzi wonse unkawatchabe a Dalaivala ngakhale anasiya chiwongolero kalekale, anayendetsa malole a katundu moyo wawo wonse. Malata a nyumbayo anagula pang'onopang'ono, ulendo uliwonse ochepa, n'kumawatsamiritsa m'chipinda mpaka anakwana. Makoma anali a zidina, njerwa zosawotcha zija. Ankati akadzapuma pa ntchito adzagumula n'kumanga ndi zowotcha, koma sitiroko inawapeza asanaumbe ndi njerwa imodzi yomwe. Tsopano ankakhala pakhonde pa mpando wakale wa lole, mbali ya kumanja itafa, pakamwa patapotoka, koma nthabwala zili zonse.

"Alamu! Mwabwera kudzatiwerenga?" anakuwa Mphunzitsi akulowa pabwalo. "Mbuzi tinagulitsa, nkhuku zinatha ndi chitopa. Werengani ine, mulembe theka."

"Theka lomweli limadya ngati munthu wathunthu," anatero mlongo uja akutuluka ndi madzi akumwa. "Khalani pansi, achimwene. Musawamvere awa."

Anafunsana za moyo, za mawondo, za zidzukulu ziwiri zimene mwana wawo wamkazi anazisiya pakhomopo atapita kukasaka ntchito. Kenako mlongo uja anakokera mkeka wake pafupi.

"Achimwene, mundiuze zoona. Akuti amene akusankha olandira chakudya ndi a kusukulu kwanu."

"Sitisankha ife, achemwali. Ife timangopanga mapu."

"Mapu anuwo atidumpha. Awo a kutsidya kwa msewu, ng'ombe zili m'khola, mwana wawo ali pa ntchito kutauni, alandira. Ife ndi wodwala uyu, ndi ana awiri, ayi. Tinalakwa chiyani?"

Mphunzitsi anatola kamtengo. Anali munthu wozolowera kufotokoza, ndipo funso likafunsidwa bwino sankatha kulisiya. Anajambula pansi nyumba ziwiri, pamwamba pake kabokosi kokhala ndi mapiko. Anafotokoza pang'onopang'ono monga ankachitira ndi ophunzira a chaka choyamba: kuti chinthucho chimazungulira dziko, kuti malata amawala, kuti kompyuta inaphunzitsidwa kuganiza kuti wogula malata sagona ndi njala.

"Ndiye chili kumwambako chimaona denga basi?" anafunsa mlongo uja.

"Makamaka denga."

"M'mbale sichionamo?"

"Sichionamo."

A Dalaivala anaseka mpaka kutsamwa. "Ine ndinkati ndikumangira mkazi wanga ulemu, kani ndikumutsekera pakamwa! Alamu, mukawauze azungu a setilaitiwo abwere adzatafune lata limodzi, tione."

Mlongo uja sanaseke. Anayang'ana denga kwa kanthawi.

"Nanga titayala udzu pamwamba pa malatawo?"

Mphunzitsi anachita mantha. Anaona m'maganizo mwake mlongo wake atagwidwa akunamiza bungwe, ndipo dzina lake likutchulidwa m'chipinda cha misonkhano chija. Anayankha mofulumira, ndi mawu a m'kalasi.

"Sizingatheke. Chimaona kutentha. Malata amatentha mosiyana ndi udzu. Ngakhale mufunditse bwanji, chizindikira."

Sankadziwa ngati zinalidi choncho. Anali atawerengapo zofanana nazo penapake.

"Chimajambula liti?"

"Nthawi ndi nthawi. Tsiku lake sindilidziwa. Musachite kanthu, achemwali, ndikalankhula nawo kuofesi. Ndipo zimene ndanenazi zithere pano."

"Ndingauze ndani?" anatero mlongo uja, n'kufafaniza chithunzi chija ndi phazi.

Kuofesi analankhuladi. Mkulu wa gawo anamumvetsera kwinaku akuyang'ana foni.

"Aphunzitsi, inu munabwera pano ine ndisanamere ndevu. Mukudziwa. Tikasintha kadontho kamodzi chifukwa ndi ka achemwali anu, mawa wina adzasintha ka apongozi ake. A bungwe akangomva, ataya mapu onse, ndipo anthu masauzande adikira mpaka chaka chamawa. Mukufuna zimenezo?"

Sankafuna zimenezo.

Mayi Mapu anamulandira bwino. Anachotsa mabuku pampando kuti akhalepo, n'kumvetsera mpaka kumapeto. Anati ankadziwa kuti nyumba zotero zilipo, za odwala ndi za amasiye amene malata anawatsalira kuchokera pa masiku abwino, ndipo mu lipoti lake analembamo ndime yonse yochenjeza za zimenezo. A bungwe anayankha kuti adzatsegula njira ya madandaulo chaka chamawa.

"Pakadali pano mapu achiwiri atuluka mvula ikayamba," anatero. "Akawonjezera mabanja ena ochepa."

"Ndi zithunzi zatsopano?"

"Zatsopano, koma tili nazo kale. Zinajambulidwa mwezi watha kumwamba kuli mbee. Mitambo ikangoyamba sitiona kanthu, ndiye sitigulanso zina mpaka chilimwe chamawa."

Mphunzitsi anaimirira, n'kuima pakhomo.

"Nanga kutentha kwa denga, kompyuta yanu imakuona?"

"Iii, ayi. Zathu n'zotchipa. Zimangoona kuwala ndi mtundu. Bwanji?"

"Ndimangofunsa."

Anatumiza thumba la ufa pa basi, monga ankachitira akatha, ngakhale ankadziwa kuti thumba limodzi silifikitsa anthu anayi pa zokolola. Foni sanaimbe. Analibe chabwino choti anene, ndipo patebulo pake panali mulu wa mayeso oti achonge. Ankadziuza kuti aimba kumapeto kwa sabata, ndipo sabata inkatha.

Anamuimbira ndi a Dalaivala, amene kuyambira pamene anadwala sankakonda foni chifukwa mawu awo ankamveka ngati a woledzera. Mphunzitsi anali m'khonde la makalasi, choko chili m'manja.

"Alamu, bwerani. Akundivula chipewa."

"Chipewa chanji?"

"Denga. Achemwali anu aitana kalipentala."

Kumbuyo kwa mawuwo kunkamveka kulira kwa misomali ikuzulidwa.

"Apatseni foni! Achemwali, imitsani zimenezo. Zithunzi anajambula kale, mwezi watha. Simupindula kanthu."

"Tsiku lija munati tsiku lake simulidziwa. Lero mwalidziwa?" anatero mlongo uja atalandira foni.

"Ndinafunsa."

"Munafunsa liti?"

Mphunzitsi anayang'ana choko chija m'manja mwake.

"Anthu onse akudziwa kuti mapu achiwiri akubwera," anatero mlongo uja. "Inu mukuopa manyazi kuntchito kwanu. Ine ndikuopa njala. Aliyense ndi chake." Foni inadulidwa.

Anakwera basi ya m'mawa mwake. Itatsika m'chigwa anayamba kuziona ali pawindo: nyumba apa ndi apo zili mapaso pamtunda ngati nthiti za ng'ombe yofera kutchire, zina zitafoleredwa ndi udzu mbali imodzi, zina amuna ali pamwamba. Malata anali otsamiritsidwa pansi pa mitengo, ataphimbidwa ndi nthambi kuti asawale. Pafupi ndi sukulu anaona mayi wina akukwirira ake ndi dothi m'munda.

Atatsika, bambo wina amene anaphunzira naye pulayimale anamugwira dzanja ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, mwatithandiza. Ife tinkati tingoyala udzu pamwamba. Mukanapanda kutichenjeza za kutentha kuja, tikanagwidwa tonse ngati mbewa."

Mphunzitsi anamuuza kuti zithunzi zinajambulidwa kale, ndipo anauzanso ena amene anasonkhana. Ena anayang'anana n'kubwerera kwawo mofulumira. Ena anangomwetulira.

"Munthu wa kutauni akati musachite, ndiye kuti muli phindu," anatero wina kumbuyo, anzake n'kuseka.

Pa nyumba ya mlongo wake panalibe lata ndi limodzi lomwe. Nthawi yomweta udzu inali itapita kalekale ndipo tchire lonse linali litapsa, choncho chimene anafolera chinali udzu wakuda wochokera pa khola lina lakugwa, wosakaniza ndi mapesi. Unali wopyapyala moti munthu ali m'kati ankaona kumwamba m'malo ena. Dengalo linamangidwira malata, losatsetsereka kwambiri, pamene udzu umafuna denga lotsetsereka kuti madzi azithamanga asanalowe. Malata ena anali atapita ndi kalipentala ngati malipiro ake, ena kwa mwini udzu. Otsala anali kuseri kwa mtengo, mabowo a misomali atang'ambika.

A Dalaivala anali atawasamutsira pansi pa mtengowo ndi mpando wawo.

"Kani mwabwera? Mwachedwa pang'ono, alamu. Lole yagubuduka kale, tikungotola katundu."

"Munaloleranji?"

"Ndinakana ndi mbali iyi," anatero akukweza dzanja lamanzere. "Inayi inangokhala chete, ndiye anati mavoti afanana."

Mlongo uja anali kusesa zinyalala za udzu pabwalo ndipo sanasiye kusesa. Mphunzitsi sanakangane naye. Anaimbira Mayi Mapu, n'kukweza mawu a foni, n'kumupempha kuti anene yekha zimene anamuuza kuofesi. Mayi Mapu ananena momveka, kawiri. Atamva chifukwa chake anafunsa ngati nyumba zake zinali zambiri.

"Zambiri," anatero Mphunzitsi.

Mlongo uja anatsamiritsa tsache kukhoma.

"Mayi, ndimve bwino. Ndiye kuti chinthucho sichidzationanso mpaka chilimwe?"

"Mpaka chilimwe, mayi. Pepani."

"Zikomo. Mwalankhula bwino."

Anakhala pansi pomwepo pafumbi, miyendo atawongola, manja ali pamawondo. Sanalire ndipo sanayang'ane mchimwene wake. Patapita kanthawi anafunsa mwamuna wake ngati malata otsalawo angakwane chipinda chogona.

"Chipinda chokha, mwina," anatero a Dalaivala. "Mukapanda kugundanitsa kwambiri."

Foni inaliranso. Anali mkulu wa gawo, mawu ake ali ndi moyo kuposa masiku onse.

"Aphunzitsi, ndamva kwa Mayi Mapu. N'zomvetsa chisoni ndithu. Koma mukuona zimene muli nazo m'manjamo? Anthu akusintha nyumba zawo chifukwa cha mapu! Palibe amene analembapo zimenezi. Magazini akuluakulu akufuna zoterezi pano, za anthu kuyankha makompyuta. Inu ndinu wa komweko, akukhulupirirani. Jambulani zithunzi zisanasinthe, koma muzipempha chilolezo. Ndiuze a galimoto abwere?"

"Batire latsala pang'ono kutha," anatero Mphunzitsi, n'kuzimitsa foni.

Kalipentala sanapezeke. Anali atapita kumudzi woyandikana nawo kumene anthu ankamudikira pamzere kuti awasasulire madenga, ndipo anatenga makwerero ake. M'mawa mwake Mphunzitsi anakabwereka makwerero kusukulu, n'kukhala pamwala kuwongola misomali yakale ndi nyundo ya a Dalaivala. Misomali yambiri inathyoka. Anadzimenya chala kawiri.

"Choko chokha basi, eti alamu?" anatero a Dalaivala ali pansi pa mtengo. "Gwirani nyundo kumapeto, si supuni imeneyo."

Kumwamba kunali kutasintha. Kutentha kunali kolemera, ndipo kum'mawa mitambo inkaunjikana, yoyera pamwamba yakuda kunsi. Mlongo uja anaiona. Anakwera yekha kukachotsa udzu wa pamwamba pa chipinda chogona, kenako awiriwo anayamba kukweza malata, iye akukankha pansi, Mphunzitsi akukoka ali pamakwerero. Lata lililonse linkafuna mabowo atsopano chifukwa akale anali atang'ambika, ndipo nthawi zambiri msomali unkaphonya phaso n'kulowa m'malere. A Dalaivala ankalangiza ali pansi, koma akafulumira kulankhula mawu awo sankamveka, ndipo ankamenya mpando ndi dzanja lamoyo lija.

Dzuwa lisanafike pamutu anali atakhoma ochepa, osafika ndi theka la chipinda. Pamenepo mphepo inayamba. Inabwera ndi fumbi ndi masamba, n'kunyamula mapesi a padenga lonse ngati ikupeta. Lata limene anali asanalikhome linawuluka n'kukagwera pa mpanda. Mlongo uja anakuwa kuti Mphunzitsi atsike, ndipo anatsika chobwerera, madontho oyamba akumumenya pamsana.

Inali mvula imene chigwa chonse chinkaipempherera. Kutsidya kwa msewu kunamveka nthungululu. Chaka china mlongo uja akanatulutsa ndowa ndi mabeseni n'kuima pakhonde akumwetulira.

Anawanyamula a Dalaivala awiriwiri n'kuwalowetsa m'chipinda, pansi pa malata ochepa aja. Zidzukulu anazitumiza kukhitchini ya panja, kanyumba kakang'ono ka udzu wokhuthala ndi utsi kamene palibe anakaganizira kukasasula. Poyamba madzi ankangodontha, ndipo ankatchera miphika. Kenako miphika inachepa. Madzi ankalowa paliponse, koma oopsa sanali ogwera pansiwo. Anali amene ankagwera pamwamba pa makoma, pamene kale malata ankaphimba. Zidina zinkamwa kuchokera pamutu. Pakhoma panayamba kutsika mizere ya matope, yopyapyala poyamba, kenako yonenepa, ikutenga laimu yense. Chithunzi cha a Dalaivala ataima pafupi ndi lole yawo chinagwa chokha, msomali wake utazuka m'dothi lofewa.

"Walira mvula walira matope," anatero a Dalaivala, bulangeti lili m'mutu. "Koma ine sindinalire, ndinangokhala."

Anawasuntha kuchoka pakona ina kupita pa ina. Mphunzitsi anayesa kuphimba pamwamba pa khoma la kuseri ndi matumba ndi mkeka, koma mphepo inkazichotsa iye asanatsike. Atayesa kachitatu mlongo wake anamulanda makwerero n'kuwagoneka pansi.

"Ndili ndi wolumala mmodzi kale," anatero.

Mvula sinasiye tsiku limenelo. Kutacha inali itachepa, ikungowaza, koma khoma la kuseri linali litatupa pakati ngati mimba, ndipo kuchokera pawindo mpaka pansi panali mng'alu wolowa dzanja. M'nyumba monse munkanunkha dothi la m'dimba. Mlongo uja anaika chikhato pakhomapo, n'kuchichotsa, chizindikiro cha zala zake chitatsala.

"Tiwatulutse," anatero.

"Sindituluka," anatero a Dalaivala. "Nyumba iyi ndinamanga ine."

"Inu, si nthawi yake ino."

"Ndati sindituluka. Alamu, auzeni. Khoma limeneli ndinaponda dothi lake ndekha, ndi mapazi awiri."

Mphunzitsi anazula chitseko cha chipindacho. Mahinjesi anatuluka mosavuta. Anachigoneka pafupi ndi bedi, ndipo iye ndi mlongo wake anawagubuduzirapo a Dalaivala, amene anagwira mwendo wa bedi ndi dzanja lamanzere mpaka mkazi wawo anatsegula zala zawo chimodzichimodzi. Anali opepuka kuposa mmene Mphunzitsi ankaganizira. Anadutsa nawo pabwalo, mapazi akumira m'matope, n'kuwalowetsa m'khitchini muja, pakati pa nkhuni ndi mitsuko. Miyendo inatsala pang'ono kutulukira panja.

Anabwerera kukatenga zofunda, thumba la ufa lija, mankhwala ndi mpando wa lole. Akutuluka ndi mpandowo anamva phokoso losakweza, ngati munthu wonenepa akukhala pansi. Khoma la kuseri linali litagwera kunja. Mapaso anapendekera mbali imeneyo pang'onopang'ono, akukoka khoma lapakati, ndipo malata amene anakhoma dzulo lake anatsetsereka limodzi n'kukalowa m'matope. Chinatsala chilili chinali khoma lakutsogolo ndi khonde lake.

Anthu a pafupi anabwera, anaima, anapepesa. Sanakhalitse. Ena anali ndi makoma awo oti akawaone, ndipo onse anali ndi minda.

Mlongo uja anaima pabwalo nthawi yaitali. Kenako analowa m'khitchini, anasuntha mtsuko wina, n'kutulutsa kathumba ka mbewu kamene anakabisa kuti ana asakapeze masiku a njala. Anakamanga m'chiuno n'kutenga khasu.

"Mukupita kuti?" anafunsa Mphunzitsi.

"Kukabzala."

"Nanga nyumba?"

"Yagwa kale. Ithawira kuti? Nthaka ndi imene siidikira." Anaitana zidzukulu kuti zimutsatire. Atafika pa mpanda anatembenuka. "Mankhwala awo ndi masana, akadya. Malatawo mukawazula m'matope muwatsuke, asachite dzimbiri. Kenako musaphonye basi, achimwene. Muli ndi ana a sukulu."

Mphunzitsi anatsala pakhomo la khitchini. A Dalaivala anali chigonere pachitseko paja, nkhope italoza panja, kumene kunkaoneka khonde lopanda nyumba kumbuyo kwake.

"Alamu."

"Ndili pano."

"Nditembenuzeni. Ndiyang'ane kukhoma."

Mphunzitsi anagwada movutika, analowetsa mkono umodzi pansi pa mapewa, wina pansi pa mawondo, n'kuwatembenuza. Anakonza dzanja lakufa lija kuti lisapsinjike, n'kuwafunditsa. Kenako anavula nsapato, anapinda thalauza, n'kulowa m'matope kukayamba ndi lata limene linkaoneka pamwamba.